Khondowe, Tauni Yomwe Inabadwa ndi Sukulu

Lero tikwera phiri.

Mukamayenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Mzuzu kulowera ku Karonga, mukatsika zitunda za Chiweta n'kufika m'mphepete mwa nyanja, pali malo otchedwa Chitimba. Ambiri amangodutsapo. Koma tsiku lina mudzaimepo, nyanja ikhale kumbuyo kwanu, mukweze maso. Pamwamba pa khoma la mapiri limenelo, mamita pafupifupi 900 kuchokera pomwe mwaimapo, pali tauni yaing'ono. Pa mapu analemba kuti Livingstonia. Eni dera amati Khondowe. Msewu wakale wokwerera kumeneko ndi wa Gorodi, wa magulaye 20, ndipo pa magulaye ena galimoto yaitali imayamba yabwerera m'mbuyo kuti ikhote bwino, apaulendo ali zii, phompho lili pambali pomwepo.

Matauni athu ambiri timadziwa chomwe chinawabala. Limbe ndi Balaka anakula ndi njanji. Zomba anakula ndi boma. Nkhotakota anakula ndi malonda a a Jumbe, a minyanga ndi akapolo. Khondowe panalibe msika waukulu, panalibe doko, panalibe mphambano ya misewu. Chomwe chinayamba ndi sukulu yogonera konko, ndipo nyumba, chipatala, positi ofesi, tchalitchi ndi msewu zinabwera potsatira sukuluyo. Ndiye munthu amadabwa: ndani amakamanga sukulu pamalo ovuta kufikapo chonchi, ndipo ankathawa chiyani?

Ankathawa manda. Nkhaniyi ikuyambira kutali, kumwera kwa nyanja. David Livingstone atamwalira mu 1873, mpingo wa Free Church ku Scotland unagwirizana zotsegula mishoni yomukumbukira, ndipo dzina lakuti Livingstonia linaperekedwa malo ake asanapezeke n'komwe. Gulu loyamba linanyamuka mu 1875, lotsogozedwa ndi E. D. Young. M'gululo munali dokotala wachinyamata wa ku Aberdeen, wobadwa mu 1851, mwana wa kalipentala, dzina lake Robert Laws. Anabwera ndi sitima yaing'ono ya pamadzi yotchedwa Ilala. Atafika pa mathithi a Shire anaimasula zidutswazidutswa, ndipo amtengatenga mazanamazana anaisenza pamutu kudutsa m'mapiri mpaka pomwe mtsinje umayambiranso kuyendeka. Pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja. Ilala yomwe timakwera lero, ya 1951, inatengera dzina kwa imeneyo.

Anakhazikika ku Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda. Malowo ndi okongola, ndipo doko lake ndi labwino. Koma malungo sanawachitire ulemu. Nthawi imeneyo panalibe yemwe ankadziwa kuti malungo amayenda ndi udzudzu. Ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo. Mukapita ku Chembe lero mukaona timanda ta amishonale patsinde pa phiri. Pa zaka zoposa 5 anabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, ndipo kumeneko zinthu zinasintha. Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri. Nakonso malungo anawapeza, komanso kunali mantha a nkhondo za Angoni a M'mbelwa.

Pano ndifuna titchule dzina lomwe limaiwalika kawirikawiri. Amene anatsegula khomo la kwa Angoni anali William Koyi, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Chilankhulo chake chinali pafupi ndi Chingoni, motero ankatha kukhala pabwalo ndi nduna, kumva mawu ndi zomwe zili kuseri kwa mawuwo. Anamwalira ku Njuyu mu 1886. Ntchito imeneyi kuyambira pachiyambi inali ndi manja a Aafirika, ngakhale zithunzi zakale zimaonetsa ndevu za azungu okha.

Laws anali atatenga utsogoleri, ndipo mumtima mwake munali chinthu chimodzi: sukulu yaikulu yonga Lovedale, yosonkhanitsa ana ochita bwino kuchokera m'masukulu a m'midzi, kuwagoneka pamodzi zaka zingapo, n'kuwatulutsa ali aphunzitsi, abusa, amisiri ndi othandiza madokotala. Sukulu yotere inkafuna malo ozizira, a madzi, a mitengo ndi nthaka yolima. Mu 1894 iye ndi mnzake wodalirika, Yuriah Chatonda Chirwa, anamanga hema pa Khondowe. Pamalo pomwe anagonapo pali mulu wa miyala wachikumbutso mpaka lero. Kumbukirani nyengo yake: Britain inali italengeza ulamuliro wake pa dziko lino mu 1891, ndipo ku Karonga, mtunda wosatalika kwenikweni, Mlozi anali adakali m'malinga ake ndi malonda a akapolo, mpaka anagonjetsedwa kumapeto kwa 1895. Belu la sukulu linayamba kulira mfuti zisanaleke.

Phirilo linali ndi eni ake. Aphoka ankakhala m'zitunda zimenezi, akulima m'malo otsetsereka, akusula zitsulo. Pafupi ndi tauniyi pali mathithi a Manchewe, pomwe madzi amagwa mamita oposa 100, ndipo kuseri kwa madziwo kuli phanga. Mukalowamo miyala ndi yoterera, mkokomo umatseka makutu, ndipo kunja mumakuona kudzera m'nsalu ya madzi. M'menemo ndi momwe anthu ankabisala adani akabwera. Mishoni itafika inatenga malo aakulu, ndipo pa pepala mwini wa dera lakumpotoli ankati ndi kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa. Aphoka anapezeka akukhala pa malo a mishoni m'dziko la makolo awo. Ndiwo anali pafupi kwambiri ndi belu, koma ambiri mwa ophunzira oyamba otchuka anali Atonga ochokera ku Bandawe, Angoni a ku Ekwendeni ndi ena ochokera kutali. Zimenezi sizifafaniza ubwino wa sukuluyo, komabe mbiri yoona iyenera kuzinena.

Zomwe zinamangidwa pa zaka zoyambirira zimadabwitsa ngakhale lero. Anakumba msewu wa Gorodi ndi makasu ndi mapiki, kuti ngolo za ng'ombe zizikweza katundu wochokera pa sitima. Anakoka madzi a m'mipopi kuchokera ku phiri la Nyamkhowa, kudutsa chigwa. Mu 1905 anayatsa magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Manchewe, nthawi yomwe midzi yambiri ya ku Scotland komweko inkaunikira nyali. Nyumba ya miyala ya Laws, yomwe aliyense amaitchula kuti Stone House, ndi ya 1903. Chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa cha m'ma 1911. Panali makina ochekera matabwa, malo osindikizira mabuku, ndi nyumba ya ntchito zamanja yokhala ndi nsanja ya wotchi. Tchalitchi chachikulu cha njerwa zofiira chinatenga zaka zambiri kuti chithe, ndipo pa zenera lake la magalasi amitundumitundu pali chithunzi cha Livingstone ndi anzake a paulendo, nyanja ili kumbuyo kwawo.

Ndalama zake zinachokera kuti? Sukuluyo inkatchedwa Overtoun Institution, potengera Lord Overtoun, mpondamatiki wa ku Glasgow yemwe anapereka chuma chambiri. Munthuyu anali wopemphera komanso wopatsa. Analinso mwini fakitale ya mankhwala a chrome ku Shawfield, komwe antchito ankagwira maola 12 pa tsiku, sabata yonse, fumbi la mankhwalawo likuwadya mphuno ndi khungu. Mu 1899 mtsogoleri wa anthu apantchito, Keir Hardie, anamuyalutsa poyera pa nkhani imeneyi. Ndikunena izi chifukwa thukuta la amphawi a ku Glasgow lili m'njerwa za Khondowe, limodzi ndi thukuta la amene anaumba ndi kusenza njerwazo. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa posachedwa tikumana ndi mnyamata yemwe anaphunzira ndi ndalama zomwezo n'kukakhala mkango wa anthu apantchito.

Tsono taganizirani mwana wa zaka 14 kapena 15, wosankhidwa ku sukulu ya kumudzi kwawo. Wayenda masiku angapo wapansi, kapena watsika sitima kunyanja, kamtolo kali pamutu. Wakulira kotentha, ndipo akufika pamwamba mu June, nkhungu itakuta mitengo, chisanu chikulowa m'mafupa. M'chipinda chogona akupezamo anzake oyankhula Chitonga, Chitumbuka, Chingoni, Chinkhonde, Chinyanja, ena ochokera kutsidya kwa Luangwa. Makolo a ena mwa iwo anathirana nkhondo zaka zochepa zapitazo. Tsopano adya mbale imodzi, adzuka ndi belu limodzi, agwira khasu pa munda umodzi wa sukulu. Ichi ndicho sukulu yogonera konko imachita chomwe sukulu yoyendera singathe: imamuchotsa mwana pakati pa abale ake n'kumupatsa abale ena. Pali chomwe amataya, chifukwa amabwerera kumudzi ali mlendo pang'ono. Palinso chomwe amapeza. Ine ndimakhulupirira kuti maganizo akuti Mtonga, Mngoni ndi Mchewa angathe kukhala anthu a dziko limodzi anaphuka msanga m'zipinda zogona ngati zimenezi kuposa m'maofesi a boma.

M'kalasi maphunziro anali ozama. Makalasi apamwamba ankaphunzira m'Chingerezi: masamu, mbiri, sayansi, zaumulungu. Ena ankalowa ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, ulimi, ukalaliki ndi kusunga mabuku a ndalama. Ena ankaphunzira kutumiza mauthenga pa waya, chala chikugogoda kachitsulo, kuti akagwire ntchito pa telegalafu yomwe kampani ya Rhodes inkakoka kulowera kumpoto. Kwa ife oyankhula Chichewa pali ulusi wina wotilumikiza ndi Laws: chilankhulo choyamba chomwe anaphunzira kuno chinali Chinyanja, anamasulira Chipangano Chatsopano m'chilankhulocho m'zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1894 anatulutsa dikishonale ya Chingerezi ndi Chinyanja. Ngakhale mishoni ya Dutch Reformed, yomwe inayamba ku Mvera mu 1889, poyamba inali pansi pa phiko la Livingstonia. Ndipo mpingo wa CCAP unabadwira pa Khondowe pomwepo mu 1924, pamene a Livingstonia ndi a Blantyre anagwirizana. A Nkhoma analowa mu 1926.

Vuto linali lakuti mwana ukamuphunzitsa chonchi, ntchito akaipeza kuti? Atsamunda kumpoto sanaikeko njanji, mafakitale kapena minda ikuluikulu yambiri. Ankakuona ngati nkhokwe ya antchito. Choncho zokolola za Khondowe zinali anthu, ndipo anthuwo ankatsika Gorodi n'kumapita. Makalaliki, akapitawo ndi amisiri a ku Livingstonia anadzaza m'migodi ndi m'maofesi a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia, Katanga, Tanganyika ndi ku Joni. Ena ankatumiza ndalama ndi kubwerera ndi njinga ndi masuti. Ena anasanduka matchona. Mbiri ya tauni yaing'onoyi mukaifuna yonse, gawo lalikulu mukalipeza kunja kwa malire a Malawi.

Tiyeni titsatire mapazi a angapo.

David Kaunda, Mtonga wophunzira pa Khondowe, anatumizidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa pakati pa Abemba ku Chinsali cha m'ma 1905. Iye ndi mkazi wake Helen, yemwenso anali mphunzitsi, anakhazikika ku Lubwa. Mwana wawo wotsiriza, wobadwa mu 1924, ndi Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa Zambia. Abale athu a ku Zambia amene mukumva pologalamu ino mukukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1990 anthu ena anagwiritsa ntchito chiyambi chimenechi pofuna kumulanda unzika.

Clements Kadalie, wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, anamaliza maphunziro a uphunzitsi ali mnyamata, anaphunzitsa pang'ono, n'kunyamuka mu 1915. Anadutsa ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia mpaka anafika ku Cape Town. Mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu pa doko, ndipo chaka chomwecho anatsogolera sitalaka pa dokopo. Pofika 1927 bungwelo linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, lalikulu kuposa gulu lina lililonse la anthu akuda ku South Africa nthawi imeneyo. Uyu ndiye mnyamata uja ndinati tikumana naye. Anamwalira ku East London mu 1951.

Levi Zililo Mumba sanachone. Anali mlembi wa North Nyasa Native Association, yomwe inakhazikitsidwa mu 1912, bungwe loyamba la mtundu umenewu m'dziko muno. Chida chawo chinali chomwe anaphunzira pa Khondowe: kuitanitsa msonkhano, kusankha wapampando, kulemba maminitsi, kutumiza kalata kwa bwanamkubwa m'Chingerezi chosamupatsa mpata wonamizira kuti sanamve. Zimaoneka zazing'ono, koma ndale za ufulu wathu zinakwawira pamenepo. Mu 1944 Mumba anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress, ndipo anamwalira kumayambiriro kwa 1945.

Ngakhale Kamuzu Banda, yemwe sanaphunzire pa Khondowe, mthunzi wa sukuluyi unamufika. Mishoni ya ku Kasungu nthawi imeneyo inali ya Livingstonia, amalume ake a Hanock Msokera Phiri anaphunzira pa Khondowe, ndipo nkhani yodziwika ndi yakuti mu 1915 mmishonale Cullen Young anamutulutsa m'mayeso pomuganizira kuti akuonera. Posakhalitsa mnyamatayo anauyamba ulendo wake wapansi wa kumwera.

Koma gawo lomwe limandigwira mtima kwambiri ndi la ana omwe anatembenukira sukulu yawo yomwe ndi kuifunsa mafunso. Charles Domingo anabwera kuno ali kamwana, atatengedwa ndi William Koyi ku Quelimane, ndipo anakulira m'nyumba ya Laws. Anali m'gulu la ophunzira oyamba ndi anzeru kwambiri, anamaliza maphunziro a ubusa cha m'ma 1900, n'kuyamba kudikira kudzozedwa. Chaka chinatha, china chinatha. Azungu achinyamata ankabwera kuchokera ku Scotland atadzozedwa kale, n'kukhala mabwana ake. Mu 1908 anachoka. M'makalata ake a pambuyo pake anadzudzula boma, makampani ndi mishoni kuti zonse zitatu zimamuona Mwafirika ndi diso limodzi. Elliot Kamwana anachoka kale mu 1901 pokana fizi, anabwerera mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, n'kubatiza anthu oposa 9,000 ku Utonga pa miyezi yochepa. Boma linamuthamangitsa m'dziko, ndipo anabwerera kwawo mu 1937.

Abusa oyamba achiafirika a Livingstonia anadzozedwa mu 1914: Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Werengani nokha, kuchokera 1875 ndi zaka 39. Ndipo Mwasi yemweyo anadzatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake, atatopa ndi kuyang'aniridwa ngati mwana.

Apa ndi pomwe ine ndimamuweruzira Laws, ndipo ndimamuweruza mwaulemu. Munthuyu anapereka zaka 52 za moyo wake ku dziko lino. Anakhulupirira kuti mwana wa kuno angathe kuphunzira chilichonse chomwe mwana wa ku Aberdeen amaphunzira, pa nthawi yomwe azungu ambiri ankati Mwafirika akwanira ndi khasu ndi katekisimu. Pa ichi anali patsogolo pa anzake. Koma pa nkhani yopereka mpando, dzanja lake linali lolemera. Ankati nthawi sinakwane, munthu ayesedwe kaye. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma wodikirayo akaona kuti mnzake wakhungu lina sadikira nawo, kudekhako kumasanduka chipongwe. Sukulu inawapatsa anyamata aja muyeso woyezera chilungamo, ndipo chinthu choyamba chomwe anayeza chinali sukulu yomweyo. Ine ndimaona kuti pamenepo mpomwe pali umboni wakuti maphunzirowo anali enieni.

Za atsikana ndinene mwachidule, chifukwa nazonso zolembedwa n'zachidule. Analipo, koma ochepa, ndipo ambiri ankawakonzekeretsa kusoka, kuchapa, kusamala pakhomo ndi kukhala akazi a aphunzitsi. Mayina omwe ndatchula onsewa, kupatula Helen Kaunda, ndi a amuna. Mpata umenewo dziko lino likuulipirabe.

Loto lalikulu la Laws linali lakuti Khondowe pakhale yunivesite. Silinatheke m'masiku ake. Lord Overtoun anamwalira mu 1908 ndipo thumba linayamba kuphwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatenga antchito ndi ndalama. Mu 1924 kunabwera nthumwi za Phelps-Stokes, zomwe zinkalimbikitsa kuti maphunziro a Aafirika akhale a ulimi ndi moyo wa kumudzi, ndipo za Laws zinaoneka ngati zokwera mtengo ndi zouluka m'mwamba. Anachoka mu 1927, n'kumwalira mu 1934. Kenaka masekondale anayamba kutsegulidwa kwina: Blantyre mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951. Khondowe inakhala imodzi mwa sukulu zabwino, osatinso yokhayo.

Komabe phirili linali lisanamalize kuyankhula. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency pofuna kuthyola Congress ndi onse okana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Dr Banda anamangidwa n'kutumizidwa ku Gwelo. Ku Nkhata Bay asilikali anapha anthu osachepera 20 pa doko. Boma linkafalitsa zakuti azungu ali pa chiopsezo chophedwa, ndipo ndege inauluka pamwamba pa Khondowe n'kuponya uthenga: amishonale aike chizindikiro pansi chosonyeza ngati akufuna kusamutsidwa. Mkulu wa sukulu nthawi imeneyo anali Fergus Macpherson. Anthu a pamishoni, akuda ndi oyera, anakhala pansi n'kukambirana. Ndege itabweranso inapeza pa kapinga pafupi ndi Stone House pali njerwa zopakidwa laimu, zoyalidwa m'zilembo zikuluzikulu zooneka kuchokera kumwamba, zoloza ku Aefeso 2:14, ndime yonena za mtendere ndi kugwa kwa khoma lolekanitsa mitundu ya anthu. Sanasamuke. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala, ndipo chinatsutsa bodza la boma popanda kuombera mfuti. Zilembozo anazikhazika mokhalitsa, zilipo mpaka pano, ndipo mwana wa sukulu angathe kuyenda m'mbali mwake n'kuziwerenga chimodzichimodzi.

Miyezi yochepa izi zisanachitike, mu October 1958, mnyamata wina yemwe anali atangomaliza pa Livingstonia Secondary School anachita chinthu chomwe anzake anachiyesa misala. Legson Kayira, wa ku Chitipa, ananyamuka wapansi kuti akaphunzire ku America. Ananyamula Baibulo, buku la Pilgrim's Progress, kankhwangwa, bulangete ndi kamba wa masiku ochepa. Anadutsa Tanganyika, akugwira maganyu m'njira, anafika ku Kampala komwe anapeza buku la mayina a makoleji a ku America, analemba kalata, n'kupitirira mpaka ku Khartoum. Kumapeto kwa 1960 anafika pa Skagit Valley College m'chigawo cha Washington, kenaka anakaphunzira ku Cambridge. Buku la moyo wake, I Will Try, la 1965, mutu wake anautenga pa mawu a chilimbikitso a sukulu yake. Nayenso sanabwerere kudzakhala kuno. Mabuku ake ena sanakondweretse boma la nthawiyo, ndipo anamwalira ku London mu 2012.

Kutsogola kwa chigawo cha kumpoto pa maphunziro, komwe mizu yake ili pa Khondowe ndi masukulu a m'midzi omwe aphunzitsi ake anatsegula, kunadzakhala nkhani yowawa pambuyo pa ufulu. Tonse tikudziwa mikangano ya kota posankha ophunzira, ndipo akuluakulu akukumbukira 1989, pamene aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Ine ndimati njira yabwino inali kufunsa chomwe chinachitika paphiri paja kuti kholo losauka ligulitse nkhuku ndi mbuzi chifukwa cha fizi, n'kuchifesa m'maboma onse. Kudula mtengo wautali sikutalikitsa waufupi.

Lero Khondowe ndi tauni yachete. Likulu la sinodi ya Livingstonia lili ku Mzuzu. Msewu waukulu umadutsa pansi, m'mphepete mwa nyanja. Anthu ozungulira amalima khofi, nthochi ndi chinangwa, ena amagwira ntchito ku migodi ya malasha ya Mchenga ndi Kaziwiziwi. Sekondale ilipo, chipatala chikuthandizabe anthu a m'mapiri ndi a kunyanja. Ndipo mu 2003 sinodi inatsegula University of Livingstonia, patapita zaka 76 Laws atachoka. Kampasi ya paphiripo imatchedwa dzina lake. Stone House ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale komanso yogona alendo. Mukalowamo mupeza zithunzi, makalata, zida zachipatala ndi magalasi a kanema wakale woonetsa zithunzi zosayenda.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Nyumba za zaka zoposa 100 zimafuna denga losadontha, ndipo pepala lakale mdani wake ndi chinyezi ndi chiswe, zomwe paphiri la nkhungu sizisowa. Mpingo wokha sungathe kusenza katundu yenseyu, ndipo si wa mpingo wokha. Ndi wa Zambia, yemwe mtsogoleri wake woyamba anabadwa kwa mphunzitsi wa pano. Ndi wa mabungwe a anthu apantchito a ku South Africa, omwe amamutchula Kadalie ngati kholo. Ndi wa Nyumba ya Malamulo yathu, yomwe mwambo wake wa maminitsi ndi wapampando unayesedwa koyamba ndi anthu ngati Levi Mumba. Nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, mayunivesite athu ndi ana a sukuluyi omwe ali ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku Edinburgh akhoza kugawana ntchitoyi: wina denga, wina kujambula mapepala onse kuti asungidwe pa kompyuta, wina kulipira wophunzira woti azungulire midzi ndi chojambulira mawu.

Wa chojambulira mawuyo ndiye wofunika msanga. Za Laws zinalembedwa m'mabuku akuluakulu. Zomwe zikusowa ndi za mbali inayo: mabanja a Aphoka omwe minda yawo inalowa m'malo a mishoni, amene anaswa miyala ya Stone House, amene anakumba magulaye a Gorodi, amayi omwe ankaphikira ana a sukulu, atsikana oyamba kugona m'hositelo. Zidzukulu zawo zilipo ku Rumphi, ku Nkhata Bay, ku Mzimba, ku Karonga, ndipo zina zikumva pologalamu ino. M'masutikesi achitsulo pansi pa mabedi muli masatifiketi a Overtoun Institution, makalata ochokera ku Bulawayo ndi ku Elisabethville, zithunzi za agogo atavala jekete tsiku lomaliza sukulu. Ngati muli nazo, musazisiye kuti zidyedwe ndi njenjete. Zitulutseni, muzijambule ndi foni, mufunse wamkulu yemwe watsala pakhomopo kuti munthu ali pa chithunziyo anali yani, anakwera phiri chaka chiti, ndipo atatsika analowera kuti. Mukalembe zomwe akuuzeni kuseri kwa chithunzicho, ndi pensulo, pamodzi ndi dzina la mudzi wake.